Kujambula Nyumba ya Nambala 394

Ku Chilenje, mu mzinda wa Lusaka, kuli nyumba yaing'ono ya nambala 394. M'menemo munakhala Bambo Kenneth Kaunda kuyambira January 1960 kufikira December 1962, pamene anali kutsogolera cipani ca UNIP pomenyera ufulu wa dziko. Lero nyumbayo isungidwa monga cikumbutso, pamodzi ndi galimoto ya Land Rover imene iwo anali kuyendera. Ulemu wa nyumbayi uli m'kucepa kwace, ndipo wojambula wosasamala angathe kuutaya ulemuwo.

Coyamba ndico kusankha diso la kamera. Diso loona ponse-ponse, la mamilimita 24 kapena 28, monga liri m'mafoni ambiri, licititsa munthu kuima pafupi. Pamenepo za pafupi zikula, za kutali zicepa, ndipo akapenyetsa kamera kumwamba, zipupa zioneka ngati zirikugwa cagada. Kanyumba ka wamba kasanduka cinyumba ca bwana. Diso lokoka za kutali, la 85 kapena 135, lifuna kuti munthu aime patali. Likoma pojambula nkhope, koma lipanikiza zinthu, kotero kuti mtengo wa kuseri uoneka ngati watsamira denga. La 50 ndilo lifanana ndi mapenyedwe a munthu.

Caciwiri ndico kuyala zinthu m'cithunzi. Wojambula wanzeru ayamba wazungulira bwalo asanatole kanthu, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Aimika kamera molunjika, pa msinkhu wa maso ace. Mumtima agawa cithunzi patatu, naika khomo pa malire a cigawo cimodzi, osati pakati peni-peni. Munthu akaima pakhomopo, woona cithunzi adziwa msanga ukulu wa nyumba.

Cacitatu ndico kudula m'mbali. Kudula kucotsa zosokoneza, monga waya wa magetsi kapena mkono wa munthu wopita. Koma wodula kwambiri atsala ndi cithunzi cosaoneka bwino pocikuza. Ndiponso akacotsa bwalo ndi nyumba zoyandikana, abisa coonadi cakuti mtsogoleriyo anakhala pakati pa anthu anzace.

Ana a m'tsogolo adzakhulupirira cimene cithunzi cidzawaonetsa. Cifukwa cace, asanadule, wojambula adzifunse: kodi cotsalaci cirikunenabe zoona?