Sukulu ya Mkaka ku Kamwala

Ndikamadutsa ku Kamwala, m'dziko la Zambia, m'mamawa, pamene amayi ogulitsa pamsika akutula ana awo pasukulu ina ya mkaka, mtima wanga umakondwera ndithu. Pakuti m'mera mpoyamba, ndipo mphunzitsi wa pamenepo, mayi woleza mtima, sayamba ndi cholembera ayi, koma ndi phala lotentha, nyimbo za m'Chinyanja, ndi zitsekerero za mabotolo zimene anawo amawerenga atakhala pamkeka, kufikira dzanja litazolowera ndi lilime litamasuka.

Mu Januwale 2022 boma la Zambia linachotsa fizi m'sukulu zake, ngakhale za ana aang'ono otere. Komatu malo ngochepa, ndipo makolo ambiri akulipirabe kwa eni sukulu. Zimandiwawa ndikaganizira mayi wogulitsa tomato, amene mvula ikaononga malonda, amasowa fizi n'kubereka mwana wake tsiku lonse pamsika.