KUSAMALA ZITHUNZI ZA M'MAFONI

Namondwe wa Freddy atakantha Phalombe mu 2023, madzi anakokolola nyumba pamodzi ndi zithunzi za makolo. Zimene zinatsala m'mafoni tizisamale motani?

Choyamba, musanadule kapena kuŵalitsa chithunzi, sungani choyambiriracho padera, mukonze chokopera chokha.

Chachiŵiri, WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chiyende msanga pa intaneti. Pafoni chimaoneka bwino, koma papepala nkhope imachita chimbuuzi. Tsono potumiza kwa otsuka zithunzi ku Migowi, sankhani "Document", chipite chathunthu. Chithunzi cha masentimita 10 m'lifupi ndi 15 m'litali chimafuna timadontho, kapena kuti mapikiselo, pafupifupi 1,200 m'lifupi ndi 1,800 m'litali.

Kumbukirani kuti agogo akatisiya sitingaŵajambulenso. Tsalani bwino.