Mudi wachira? Funsani nkhanu, osati ojambula

Tsiku lina m'mawa ndidaima pamlatho wa Mudi, kufupi ndi msika wa Blantyre, anthu atangomaliza ntchito yoyeretsa mtsinjewu. Majumbo adawaunjika pambali, timitengo tingapo tidabzalidwa m'mphepete, ojambula nawo anali atapita kale. Ine funso lidandigwira: kodi mtsinjewu wachiradi, kapena wangosukusula kumaso?

Abale anga a pamsika, nkhaniyi ndi yanu. Madzi a pampopi akasiya, enafe timathamangira komweko kukatsuka mbatata ndi mabeseni. Sitidaiwale kolera ya 2022 mpaka 2023 imene idapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno.

Masamu oyezera mtsinje inu mumawadziwa kale. Mayi wa tomato akagulitsa kwambiri pakutha pa mwezi sathamangira kunena kuti geni yakula. Amayamba waona m'kope mwake mmene zayendera miyezi yapitayo, kenako n'kusuzumira pabenchi la mnzake. Ngati onse agulitsa, ndiye kuti anthu alandira basi.

Akatswiri a mitsinje amachita chimodzimodzi m'njira yotchedwa BACI. Amayeza malo amene akufuna kukonza ntchito isanayambe, n'kudzayezanso itatha. Nthawi yomweyo amayeza malo ena ofanana nawo amene sanakhudzidwe n'komwe.

Tiyerekeze kuti pokonzedwa paja malikisi achoka pa 3 kufika pa 6. Anthu aombe m'manja? Dikirani kaye. Ngati posakonzedwa pachoka pa 3 kufika pa 5, phindu la ntchitoyo ndi 1 yekha. Zinazo yachita ndi mvula imene yatsuka mtsinje wonse.

Nanga malikisiwo amachokera kuti? Ku tizilombo ta m'madzi. Ku South Africa adakonza njira yotchedwa miniSASS imene ngakhale ana asukulu amaitha. Umavundukula miyala, kukokola ndi kaukonde, n'kuona magulu amene wapeza mwa magulu 13. Misundu ndi nyongolotsi zimapirira uve, choncho zimapatsidwa 2 basi. Nkhanu ndi ana a tombolombo zimapatsidwa ochulukirapo. Ukaphatikiza malikisi onse n'kugawa ndi chiwerengero cha magulu, wadziwa thanzi la mtsinje.

Kuyeza kamodzi sikokwanira. Pamafunika kubwereza m'chilimwe ndi m'dzinja kwa zaka zingapo, chifukwa madzi osefukira ngati a namondwe Freddy mu Malichi 2023 amatha kusintha mtsinje usiku umodzi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musaganize kuti ulesi woyeza ndi wa kuno kokha. Kafukufuku wa mu 2005 ku America adaunika ntchito zokonza mitsinje zopitirira 37,000, ndipo mwa ntchito khumi zilizonse, imodzi yokha ndiyo inali ndi umboni woti wina adabwerako kudzayeza.

Chenjezo ndi ili: nkhanu zikabwerera sindiye kuti madzi ndi otsukira ndiwo. Tizilombo ta m'chimbudzi sitioneka ndi maso, timafunika kuyezedwa ku labotale.

Tsono akadzabweranso ndi mawilibala ndi masikipa atsopano, alandireni bwino, ntchitoyo ndi yabwino. Koma tcheyamani wa msika awafunse mafunso atatu: Mudayeza musanayambe? Mukufananiza ndi malo ati? Mudzabwera liti kudzatiwerengera zotsatira?