Tizilombo Tosamva Mankhwala Tobisala M'matumbo a Odwala

M'matumbo a munthu aliyense, ngakhale amene ali bwinobwino, mumakhala mabakiteriya osawerengeka, omwe ndi tizilombo tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, ndipo ambiri mwa iwo ndi aphindu chifukwa amathandiza kugaya chakudya, amapanga mavitamini ena, komanso amadzaza malo kotero kuti tizilombo toyambitsa matenda timasowa pokhala. Pakati pa mabakiteriyawa pali mitundu iwiri imene madokotala amaitchula kawirikawiri, Escherichia coli, yomwe mwachidule amati E. coli, ndi Klebsiella pneumoniae. Ikakhala m'matumbomo siivuta, koma ikalowa m'chikhodzodzo, m'mapapo, m'bala la opaleshoni kapena m'magazi imadwalitsa koopsa, ndipo ikakhala kuti yasiya kumva mankhwala, dokotala amatsala ndi zida zochepa zoti apulumutsire nazo moyo.

Anthu ambiri amati thupi la wodwala lazolowera mankhwala, koma zoona zake n'zakuti chimene chimasintha si thupi ayi, ndi tizilombo. Maantibayotiki, omwe ndi mankhwala opha mabakiteriya, sasankha: jakisoni woperekedwa chifukwa cha chibayo amaphanso mabakiteriya aphindu a m'matumbo, n'kusiya okhawo amene ali ndi njira yodzitetezera, ndipo otsalawo amaswana mofulumira monga momwe tchire limalandira munda umene mbewu zake zafa. Wodwalayo samva kupweteka kulikonse, amachira chibayo chake, amatulutsidwa m'chipatala, koma m'mimba mwake mwadzaza tizilombo timene mankhwala omwewo sadzatithanso tsiku lina tikadzalowa m'magazi.

Chida chachikulu chimene mabakiteriyawa amadzitetezera nacho ndi ESBL, gulu la maenzayimu, kutanthauza timapuloteni timene kachilombo kamapanga kokha kuti tiphwanye mankhwala asanagwire ntchito. ESBL, yomwe inapezeka koyamba ku Germany m'chaka cha 1983, imaphwanya penicillin, amoxicillin, ngakhalenso ceftriaxone. Malangizo opangira ESBL amakhala pa tizidutswa ta DNA totchedwa mapulasimidi, timene bakiteriya mmodzi amatha kupatsira mnzake ngakhale wa mtundu wina, ndipo m'matumbo, momwe tizilombo timakhala mothithikana, ndimo momwe kupatsiranaku kumachitika mosavuta. Choipa n'chakuti pulasimidi imodzi nthawi zambiri imanyamulanso malangizo okanira mankhwala ena, monga gentamicin ndi cotrimoxazole, yemwe ambiri amamudziwa ndi dzina lakuti bakitirimu.

Dziko la Malawi lili ndi umboni wooneka bwino pa nkhaniyi chifukwa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mothandizana ndi bungwe lofufuza la Malawi-Liverpool-Wellcome, chakhala chikuyeza magazi a odwala otentha thupi kwambiri kuyambira m'chaka cha 1998. Zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2017 zinaonetsa kuti mwa E. coli wopezeka m'magazi, amene anali ndi ESBL anakwera kuchoka pa 0.7 peresenti mu 2003 kufika pa 30.3 peresenti mu 2016, pamene mwa Klebsiella anachoka pa 11.8 peresenti kufika pa 90.5 peresenti. Zaka zimenezi ndi zomwe ceftriaxone anasanduka mankhwala odaliridwa m'mawodi, ndipo m'pomveka, pakuti ndi wotsika mtengo, amabayidwa kamodzi patsiku, ndipo wapulumutsa anthu ambirimbiri. Komabe tanthauzo la manambalawa ndi lakuti pofika 2016, mwa odwala khumi amene Klebsiella analowa m'magazi mwawo, asanu ndi anayi sakanathandizika ndi jakisoni ameneyu.

Kafukufuku wina wa pachipatala chomwecho, wosindikizidwa mu 2022, anayang'ana m'matumbo mwenimwenimo poyeza chimbudzi cha akuluakulu kwa miyezi isanu ndi umodzi. Mwa odwala amene anagonekedwa ndi matenda a m'magazi n'kupatsidwa maantibayotiki, pafupifupi theka anali kale ndi tizilombo ta ESBL pa tsiku lofika, koma itatha sabata imodzi chiwerengerocho chinapitirira atatu mwa anayi alionse, ndipo chinatenga miyezi kuti chibwerere pamene chinali. Odwala amene anagonekedwa koma osalandira maantibayotiki sanaonetse kukwera kotere, zomwe zikusonyeza kuti mankhwala enieniwo, kuposa kungogona m'wodi, ndi amene amapatsa tizilomboti mpata. Mfundo imeneyi ndi yolemera, chifukwa ikutanthauza kuti jakisoni aliyense woperekedwa popanda chifukwa chokwanira ali ndi mtengo umene suoneka tsiku lomwelo.

Izi sizikuchotsa udindo wa ukhondo m'zipatala, pakuti tizilomboti timatuluka m'chimbudzi n'kulowa pakamwa pa munthu wina kudzera m'manja, m'madzi ndi m'chakudya. M'wodi yodzaza, gadiyani amene wachotsa chimbudzi cha wodwala wake, n'kupeza kuti pampopi sipakutuluka madzi kapena palibe sopo, amabwerera pabedi kukadyetsa wodwalayo phala, mwinanso kuthandiza wa pabedi loyandikana amene alibe womuyang'anira, ndipo mtima wabwino womwewo umanyamula tizilombo. Paipi ya mkodzo ndi singano ya diripi zikakhalitsa pathupi zimatsegulira tizilombo njira yolowera m'kati. Amene amakhala pachiopsezo chachikulu ndi makanda obadwa masiku asanakwane, anthu amene achitidwa opaleshoni, ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika.

Kunja kwa chipatala nakonso sikuli bwino. Kafukufuku wotchedwa DRUM, amene anachitika ku Ndirande, ku Chileka ndi ku Chikwawa, anapeza tizilombo ta ESBL m'chimbudzi cha anthu pafupifupi anayi mwa khumi alionse m'makomo mwawo, m'ndowe za ziweto, komanso m'madzi ambiri a m'mitsinje amene anayezedwa, ndipo vutoli limakula m'nyengo ya dzinja pamene madzi osefukira amakokolola zonyansa. Makapisozi ogulidwa awiriawiri pagolosale chifukwa cha chimfine, chomwe chimayamba ndi mavairasi amene maantibayotiki sawapha, amangowonjezera moto, chimodzimodzinso mankhwala othiridwa m'madzi a nkhuku popanda malangizo a alangizi a ziweto.

Ceftriaxone akalephera, mankhwala otsala ndi monga meropenem ndi amikacin, omwe ndi odula kapena ovuta kupereka, ndipo sapezeka nthawi zonse. Kuwonjezera apo, tizilombo tokana meropenem tapezeka kale m'mayiko ambiri. Kudziwa mankhwala oyenera kumafuna labotale yotha kumeretsa tizilombo ta m'magazi ndi kutiyesa ndi mankhwala osiyanasiyana, ntchito yotenga masiku awiri kapena atatu, imene zipatala zambiri za m'maboma sizinayambe kuichita mokhazikika, kotero kuti dokotala amakakamizika kupereka mankhwala mongoyerekeza. Pa dziko lonse, akatswiri anawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa mwachindunji chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo chigawo cha Africa cha kumwera kwa chipululu cha Sahara ndicho chinakhudzidwa kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu ake.

Boma la Malawi linakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi vutoli mu 2017, koma ndondomeko yolembedwa papepala siisambitsa munthu m'manja. Chofunika msanga ndi madzi osaduka ndi sopo m'wodi iliyonse, malabotale ogwira ntchito m'zipatala za m'maboma, ndi mwambo wakuti dokotala aziunikanso wodwala pakatha masiku awiri kapena atatu n'kusiya jakisoni ngati zaoneka kuti safunika. Odwala ndi magadiyani nawo asamaumirize dokotala kuti awabaye jakisoni, ndipo amene wangotuluka m'chipatala azisamba m'manja ndi sopo akachoka kuchimbudzi komanso asanagwire chakudya cha a pabanja pake.