Kodi mumadziwa? Magazi amapangidwa m'mafupa

Mukaswa fupa la ng'ombe mumapezamo mafuta ofewa aja ana amalimbirana. M'mafupa a munthu namonso muli zofewa zoterezi, ndipo ndimo mumakhala maselo otchedwa stem cells, amene amabala maselo onse a m'magazi. Pa sekondi iliyonse thupi limapanga maselo ofiira pafupifupi 2 miliyoni.

Madokotala amatha kutenga maselowa kwa munthu wathanzi n'kuwalowetsa mumtsempha wa wodwala khansa ya m'magazi kapena sickle cell. Povuta m'pakupeza wofanana naye, chifukwa zizindikiro za maselo, zotchedwa HLA, n'zakumtundu. Ngakhale ana a mayi ndi bambo mmodzi, mwayi woti afanane ndi umodzi pa inayi basi.

Apa nkhaniyi ikukhudza a ku Kadoma ndi Chegutu ku Zimbabwe, komwe kuli zidzukulu zambiri za Amalawi amene anakagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya golide monga Cam and Motor ndi Dalny. Wodwala wa ku Eiffel Flats kufupi ndi Kadoma, wofanana naye akhoza kukhala ku Dedza, osadziwana n'komwe. Chodandaulitsa n'chakuti m'makaundula a opereka maselo, monga South African Bone Marrow Registry yomwe inayamba mu 1991, anthu akuda ndi ochepa.

Palinso stem cells ena otengedwa ku mluza, koma pa amenewa pamabuka mkangano, poti mluzawo umawonongeka. Mu 2006 Shinya Yamanaka wa ku Japan anasandutsa maselo wamba a mbewa kukhala ngati a mluza, ndipo mu 2012 analandira mphoto ya Nobel.