Kusanza Magazi: Gwero Lake Likhoza Kukhala Chiwindi

Munthu wa ku Mbayani akasanza magazi mwadzidzidzi, abale ena amathamangira kunena kuti walodzedwa kapena wadyetsedwa. Kawirikawiri gwero lake limakhala chiwindi chimene chakhala chikuuma kwa zaka zambiri mwini wake osadziwa.

Magazi ochokera m'matumbo amayenera kudzera m'chiwindi asanabwerere kumtima. Chiwindi chikauma, njirayo imapanikizika, ndipo magazi amapatukira m'timitsempha ta kumunsi kwa mmero, m'chifu, mwinanso m'matumbo momwe. Timitsemphato timatupa mpaka kuphulika. Wodwala amasanza magazi, kapena amachita chimbudzi chakuda bii ngati phula.

Muno m'Malaŵi zoumitsa chiwindi zazikulu ndi kachirombo ka hepatitis B, mowa, makamaka kachasu, ndiponso likodzo la m'matumbo. Likodzoli ndilo lozembera kwambiri: munthu amene ankasambira m'madzi a nkhono ali mwana kumudzi akhoza kudzasanza magazi ali kale bambo wa ana m'tauni, ngakhale sanalaweko mowa.

Ku Chipatala cha Gulupu, Queen Elizabeth Central Hospital, madokotala amatseka mitsempha ya kummeroyi popanda kung'amba mimba. Wodwala amayamba waikidwa madzi kapena magazi kuti apezeko mphamvu. Kenaka dokotala amalowetsa m'kamwa kapaipi kofewa, konenepa ngati chala, kokhala ndi nyali ndi kamera kunsonga kwake. Akauona mtsempha wotupawo, amaukokera m'kamphuno ka chipangizocho n'kuumanga pakhosi ndi kamphira kakang'ono. Pakapita masiku ochepa, pomangidwapo pamafota n'kuthothoka, kusiya chipsera.

Ulendo umodzi sukwanira. Wodwala amaitanidwanso pakapita milungu ingapo, kufikira mitsempha yonse itatha, ndipo ambiri amapatsidwa mapiritsi a propranolol akumwa tsiku lililonse. Apa m'pamene ena amataya mwayi, pakuti akaona kuti kusanza kwaleka amayesa achira, chonsecho chiwindi chikadali chouma. Wodwala wotere asiyiretu mowa, ndipo asagule aspirin kapena brufen pagolosale, poti mankhwalawa amautsanso magazi.

Likodzo limaphedwa ndi praziquantel, ndipo kuyambira chaka cha 2002 ana amalandira katemera wa hepatitis B kusikelo. Koma amene wasanza kale magazi, ngakhale kamodzi kokha, atengeredwe kuchipatala tsiku lomwelo, atagonekedwa chammbali kuti masanzi asamutsamwe panjira.