Madzi alipo pansi, nanga mjigo wathu wavuta chiyani?

Kumudzi kwathu kuli mjigo umene ndikukhulupirira kuti m'mabuku a omwe anaukumba analemba kuti "ukugwira ntchito". Sananame kwenikweni, chifukwa ukapopa madzi amatulukadi. Koma ikafika Okutobala, kuti ndowa imodzi idzaze mpaka mkono uchite kuwawa, ndipo amayi amadzuka kusanache kukaika zigubu pa mzere. Ndiye ndikufunseni inu anzanga a ku sekondale: mjigo umenewu ukugwira ntchito kapena ayi? Funsoli likuoneka lachibwana, koma akatswiri ofufuza za madzi analimbana nalo zaka zingapo.

Tiyambe ndi chaka cha 2012. Gulu la asayansi lotsogoleredwa ndi Alan MacDonald wa ku British Geological Survey linatulutsa mapu osonyeza kuchuluka kwa madzi a pansi pa nthaka mu Africa monse. Anasindikiza zimenezi mu Environmental Research Letters, imodzi mwa magazini a akatswiri omwe amawatchula kuti journal. Anayerekeza kuti pansi pa Africa pali madzi okwana makyubiki kilomita 660,000. Kuti mumvetse, madzi amenewa angadzaze nyanja ya Malawi maulendo oposa 70. Nyuzipepala zambiri kunja zinalemba mitu ikuluikulu yonena kuti Africa yakhalira chuma cha madzi.

Amene anawerenga pepala lenilenilo anapezamo chenjezo lomwe mitu ija sinanene. Madzi ochuluka zedi ali kumpoto, pansi pa mayiko monga Libya, Algeria ndi Egypt, ndipo ambiri analowa pansipo zaka masauzande zapitazo, mvula ikugwa bwino ku Sahara. Ukawapopa sabwereramo msanga. M'madera ena ambiri, miyala ya pansi imatha kupereka madzi okwanira mjigo wopopa ndi manja, malita 0.1 mpaka 0.3 pa sekondi, koma malo okumba mjigo waukulu wothiririra esiteti si ambiri. Kukhala ndi madzi pansi ndi nkhani ina, kuwatulutsa ndi nkhani inanso.

Apa ndi pomwe kafukufuku anatembenukira. Kale funso lalikulu linali loti madzi ali kuti ndipo timange chiyani: damu, mapaipi, kapena chotchinga ngati Kamuzu Barrage ya ku Liwonde yomwe inamangidwa mu 1965. Msonkhano wa ku Dublin wa 1992 unakokera maso a ofufuza kwa anthu ogwiritsa ntchito madziwo, ndipo unanena poyera kuti amayi ali pakati penipeni pa nkhani yotunga ndi kusamala madzi. Masiku ano pa gulu limodzi lofufuza mumapezeka wa za miyala, injiniya, wa za chuma ndi wa za chikhalidwe cha anthu. Enanso amayeza madzi kuchokera mumlengalenga: masetilaiti awiri a GRACE, omwe anaulutsidwa mu 2002, ankaona kusintha kwa mphamvu yokoka ya dziko madzi a pansi akachepa kapena kuchuluka. Koma setilaiti singakuuzeni kuti labala ya mu mjigo wa kwanu yatha.

N'chifukwa chake ndimaukonda kafukufuku wotchedwa Hidden Crisis, yemwe anachitika ku Ethiopia, Uganda ndi kuno ku Malawi, ndipo akatswiri a ku University of Malawi anali nawo. Kuyambira mu 2016 anayendera mijigo 200 m'dziko muno. M'malo mongofunsa kuti "ukutulutsa madzi?", anaugawa funsolo m'masitepe. Tsiku lomwe anafika, mijigo 74 pa 100 iliyonse inkatulutsa madzi. Atayeza ngati ikupereka malita 10 pa mphindi, kutanthauza kudzaza ndowa ya malita 20 m'mphindi ziwiri, nambala inatsika kufika pa 67. Atachotsanso ija yomwe inakhala yowonongeka kupitirira mwezi umodzi pa chaka, inatsala 58. Ataonjezera kuti madziwo akhale abwino kumwa malinga ndi muyeso wa World Health Organization, inatsala 41.

Taonani bwino: mijigo yomweyo, anthu ofufuza omwewo, koma mukhoza kunena 74 kapena 41 osanama. Wofuna kuoneka kuti ntchito ikuyenda atchula yoyambayo. Mayi wa pa mzere uja akudziwa yachiwiriyo ngakhale sanaiwerenge paliponse. Ndipo nambala yomwe yafika pa tebulo la opanga bajeti ndi imene imagamula ngati ndalama zipite kokumba mijigo yatsopano kapena kokonza yakale.

Nanga nambala ngati izi zimafika bwanji poti tizikhulupirire? Wofufuza akamaliza ntchito amalemba pepala lofotokoza funso lake, njira yomwe anatsata, zomwe anapeza ndi zomwe zikutanthauza. Amalitumiza kwa mkonzi wa journal. Mkonzi akaona kuti n'loyenera amalipereka kwa akatswiri ena awiri kapena atatu a nkhani yomweyo, ndipo nthawi zambiri wolembayo sauzidwa mayina awo. Pa Chingerezi njirayi amati peer review. Zili ngati mmene pepala lanu la MSCE limachongedwera ndi mphunzitsi wosakudziwani, kungoti apa wochongayo amakubwezerani ndi mafunso. Munayeza nyengo ya mvula kapena ya chilimwe? Mijigoyo munaisankha mwachisawawa kapena munangopita ya m'mbali mwa msewu? Wolemba amakonza n'kutumizanso, nthawi zina kawiri katatu, ndipo miyezi imatha. Mapepala ambiri amakanidwa ndithu.

Musaganize kuti chomwe chadutsa pamenepa ndiye chosalakwika ayi. Owunikawo sapita ku Balaka kukapopa okha mjigo. Amangoona ngati njira ndi masamu zikumveka. Mapepala ena amachotsedwa atasindikizidwa kale zolakwika zikadziwika. Komabe pepala lotere limasiyana kutali ndi uthenga wa pa WhatsApp woyamba ndi mawu akuti "asayansi apeza", chifukwa lili ndi dzina la wolemba, chaka, ndi njira yoti wina akhoza kuibwereza n'kutsutsa.

Pali mbali ina yomwe imandinyansa, ndipo ndi ya ndalama. Magazini ambiri otchuka ndi a makampani a ku Ulaya ndi ku America. Ukafuna kuwerenga pepala limodzi lokha, ena amakulipiritsa madola oposa 30. Ine zinandichitikirapo: ndinapeza pepala lonena za madzi a m'chigwa cha Shire, ndikuona mutu ndi chidule chake, koma kuti ndiwerenge zonse ndinafunika kulipira ndalama yomwe ndinalibe. Madzi athu, miyala yathu, khomo lotseka. Pofuna kuthetsa izi kunabwera open access, pomwe wowerenga salipira. Pepala la 2012 lija ndi lotere, mukhoza kulitsegula lero pa foni. Koma nthawi zambiri mtolowo umangosamukira kwa wolemba, amene amauzidwa kuti alipire madola mazanamazana kapena masauzande kuti pepala lake lituluke. Kwa mphunzitsi wa pa yunivesite ya kuno, imeneyo si ndalama yamasewera, ngakhale magazini ena amakhululukira olemba a m'mayiko osauka. Kwabukanso magazini achinyengo omwe amangolandira ndalama n'kusindikiza chilichonse pa masiku ochepa popanda wowunika.

Makomo otseguka alipo ndithu. African Journals Online imasonkhanitsa magazini a mu Africa pa intaneti pamalo amodzi. Water SA, ya ku South Africa, imawerengedwa mwaulere. Research4Life imathandiza masukulu aukachenjede a m'mayiko ngati lathu kuwerenga magazini odula. Ndipo bungwe la WaterNet, lomwe limalumikiza mayunivesite a kumwera ndi kum'mawa kwa Africa, limachititsa msonkhano chaka ndi chaka komwe ophunzira amakafotokoza zomwe apeza.

Ngati pa sukulu panu pali mjigo, muli kale ndi poyambira. Tengani ndowa ya malita 20 ndi wotchi. Popani mosathamanga, werengani masekondi mpaka idzaze, ndipo lembani tsiku, nthawi ndi dzina la amene anapopa, chifukwa mnyamata wa Fomu 4 ndi mtsikana wa Fomu 1 sapopa mofanana. Bwerezani katatu n'kupeza avereji. Chitani zimenezi sabata iliyonse pa tsiku ndi ola lomwelo, kuyambira teremu ino mpaka mvula itagwa, ndipo muzilembanso masiku omwe mjigo wafa. Kenako perekani kope lanu kwa a kalasi ina kuti alifufuze zolakwika. Ine ndinayeza wa kwathu uja mu Okutobala wathayu, ndipo ndowa inadzaza patatha mphindi zisanu ndi theka.